Galimoto Yozimira Mwini Wake

Anthu ankayamba kuwamva a Tsekani asanawaone. Pa lamba wawo pankalendewera mulu wa makiyi pa mphete yachitsulo yaikulu ngati chibangili, ndipo akamayenda zinkangomveka kuti ngwele, ngwele, mpaka agalu a mumsewumo anasiya kuwauwa poti ankawadziwira patali. Thalauza lawo linali lopendekera mbali imodzi moyo wawo wonse, ndipo telala aliyense amene anayesa kuliwongola anagonja.

Dzinalo analitengera kuntchito. Anagwira zaka zambirimbiri m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina yogulitsa malata, misomali ndi penti, ndipo m'zaka zonsezo mawu amene ankatuluka kwambiri pakamwa pawo anali amodzi omwewo. Munthu akalowa, tsekani. Akatuluka, tsekani. Ngakhale bwana wamkulu tsiku lina anasiya chitseko chosatseka, n'kuuzidwa chimodzimodzi anthu onse akumva. Kampani itatha, nyumba ija inagwetsedwa, koma makiyi ake a Tsekani anapita nawo kwawo. Panalibe amene anawaitanitsa, ndipo iwo sakanataya kiyi ngakhale wa chitseko chimene kulibenso.

Kunyumba zinali zomwezo. Kabati ya shuga inali ndi loko, bokosi la sopo linali ndi loko, mpopi wa panja loko, geti maloko awiri. Musawaganizire molakwa, kuumira ayi, sanali oumira. Mukapempha shuga ankakupatsani wodzadza mbale. Chimene mtima wawo sunkapirira ndi kuona chinthu chili chosatseka. Ndipo anali ndi lamulo limodzi limene sanaliphwanyepo: mulu wonse sankaupereka m'manja mwa munthu. Mukafuna kiyi, ankalowetsa chikhadabo cha chala chachikulu pa mphete ija, n'kumuzunguliza kiyi wofunikayo mpaka atatuluka, n'kukupatsani yekhayo, kenako n'kuima pomwepo kudikira kuti abwerere. Akazi awo, mayi wofatsa pakamwa koma wa maso oona zonse, anakhala moyo umenewu kuyambira ali mtsikana mpaka imvi, ndipo anasiya kalekale kudandaula.

Pa mphete yomweyo panalinso kiyi wa Dona.

Dona inali galimoto ya bwana wamkulu uja, yaitali, yabuluu wozilala, ya mipando yachikopa yong'aluka m'mphepete. A Tsekani anaisirira zaka zonse zimene inkaima pamthunzi pafupi ndi ofesi, ndipo kampani itatha anaigula ndi ndalama zawo zopumira pantchito, achibale onse akuwaletsa. Inali yakale kale pa nthawiyo, koma sinali ya kabuleta ngati zinzake za msinkhu umenewo. Mafuta ake ankakankhidwa ndi pampu ya magetsi kuchokera m'thanki, n'kupoperedwa mu injini ndi timipopi timene amakaniko amati mainjekitala. Zimenezi a Tsekani ankafotokozera aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Iyi simwa mafuta ngati zinazi," ankatero akusisita boneti. "Iyi imachita kubayidwa jakisoni."

Ankamupukuta Dona m'mawa uliwonse asanasukusule iwo eni. Akazi awo ankangomutcha mkazi mnzawo, ndipo ankati pa awiriwo, wogulidwa matayala atsopano ndi amene akudziwika kuti ndi wokondedwa.

Vuto linayamba pa hampu ya pafupi ndi sukulu. Matayala akutsogolo atangokwera, injini inangoti zii. Sinatsokomole, sinanjenjemere, inangoleka basi. A Tsekani anapotokola kiyi, Dona n'kudzuka pomwepo, ndipo iwo anati ndi mafuta oipa. Patapita masiku anazimanso pa dzenje la pafupi ndi msika, kenako pokhota pa malo omwetsera mafuta, minibasi zikuimba mahutala kumbuyo, makondakitala akuwalangiza kuti akagule wilibala.

Makaniko wa Dona anali mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa akazi awo, amene anthu ankamutcha Sipanala. Galaja yake inali denga la malata lopanda makoma, pakati pa owotcherera zitsulo ndi ogulitsa matayala akale. Amakaniko achikulire ankamukana Dona poti alibe kabuleta, achinyamata a makompyuta ankamukananso poti alibe polumikiza chingwe chawo, ndiye anatsalira Sipanala, mwa chibale.

"Alamu, Dona akuzima."

"Akuzima bwanji? Amayamba atsokomola kaye, kapena amangokomoka?"

"Amangokomoka."

"Kukatentha, kapena m'mawa?"

"Nthawi ina iliyonse."

"Nanga mukaliza?"

"Amadzuka pompo ngati palibe chachitika."

"Ndiye si matenda amenewo, ndi mwano," anatero Sipanala akupukuta manja pa ovololo. "Bweretsani kiyi."

A Tsekani analowetsa chikhadabo pa mphete, n'kutulutsa kiyi wa galimoto yekhayo. Sipanala anaitenga galimotoyo, n'kukaiulutsa pa mahampu onse a m'tauni mopanda chisoni, ndipo anabwera ikulira bwinobwino. Komabe kuti mlamu asapite chimanjamanja, anachotsa fyuluta ya mafuta, n'kuigogoda pa mwala. Munatuluka dzimbiri ndi matope. Onse awiri anasangalala ngati agwira wakuba. Anaika yatsopano, a Tsekani n'kubwezera kiyi pa mphete, ulendo wa kunyumba, ndipo Dona anakazima pa hampu ya pasukulu yomwe ija.

Apo ndiye panayambira ulendo wa sabata ndi sabata. Sipanala anagona pansi pa galimoto khutu lili pa thanki kumvetsera kulira kwa pampu, n'kuisintha. Anasintha kabokosi kakuda ka magetsi kotchedwa rilei, kamene kamadzutsa pampuyo. Anazula mainjekitala onse, n'kuwatsuka, n'kuwapopetsa m'mabotolo kuti aone ngati akugawa mofanana. Anapempha ndudu kwa wowotcherera zitsulo, iye wosasuta, n'kumauzira utsi m'mapaipi a mpweya kufuna pobooka, mpaka maso ake anafiira. Anasintha mapulagi. Anatsitsa thanki yonse n'kuitsuka, petulo wina n'kumulowa m'kamwa, moti anadya chakudya chonunkha galaja mpaka Lamulungu. Nthawi iliyonse ankaiyesa yekha, osazima. Nthawi iliyonse mwini wake akaitenga, isanafike ndi kunyumba komwe, zii.

"Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto," anatero Sipanala tsiku lina ataima ndi manja m'chiuno. "Ine ndinkayesa ndi mwambi chabe. Kani amazimitsa ndi injini yomwe!"

Owotcherera zitsulo anaseka mpaka kukhala pansi. A Tsekani sanaseke.

Kenako Sipanala anawatengera pambali, nthabwala zitachoka pankhope.

"Alamu, musakwiye. Mwendo wakumanzerewo ukugwirabe bwinobwino? Mwina mukumasiya kilachi mwadzidzidzi osazindikira. Zimachitika munthu akakula."

"Iwe, ine ndinayamba kuyendetsa galimoto iwe usanadziwe kumina."

"Ndikudziwa, alamu. Ndi chimene ndikunena chomwecho."

Zikanathera pa kunyozana kwa pachilamu kukanapanda njanji. M'mawa wina akuchokera kumsika ndi akazi awo, Dona anazima matayala akutsogolo atawoloka njanji, akumbuyo asanawoloke. Sitima kunalibe, ndipo inali isanadutsepo tsiku limenelo. Koma amayi ogulitsa zipatso m'mphepete mwa msewu anakuwa, amuna anathamanga kudzakankha, a Tsekani akuwakalipira pawindo kuti asagwire penti ndi manja amafuta. Mu chipwirikiticho anaiwala n'koliza komwe, moti galimoto inachoka panjanji mochita kukankhidwa. Nkhani inakafika kwa mwana wawo iwo asanafike kunyumba, ndipo pofika kumeneko inali ndi sitima, utsi wake ndi hutala yemwe.

Mwana ameneyu anali wachisamba, ankagwira ntchito kuchipatala, ndipo banja lonse linkangomutcha Namwino. Kuuma mutu anatengera bambo ake, sanasiyeko ngakhale pang'ono. Anafika masana omwewo atavala yunifomu, ndipo sanakhale pansi.

"Amalume akuti galimotoyi ilibe vuto."

"Amalume akowo amadziwa chiyani?"

"Tiyeni tikaione tonse. Ndiyamba kuyendetsa ine."

Chikhadabo chinagwira ntchito yake, Namwino n'kulandira kiyi mmodzi. Anadutsa pasukulu, anadutsa pa dzenje la kumsika, anawoloka njanji kupita ndi kubwera. Dona ankangoyenda myaa ngati wangotuluka kumene m'sitolo. Bambo ake anakhala pambali manja ali pa mawondo, akupemphera mumtima kuti galimoto yawo izime, pemphero limene sanaganizepo kuti adzalipemphera.

"Tsopano inu."

Anasinthana mipando. A Tsekani anabwezera kiyi pa mphete monga mwa lamulo lawo, analiza, anaponda kilachi mosamala ngati pali mazira. Pa hampu yoyamba, zii.

Namwino anapukusa mutu.

"Bambo, galimotoyi ilibe vuto."

"Ndiye ukuti vuto ndi ndani?"

"Sindinanene."

"Wanena."

"Loweruka mubwere nayo kwathu, mudzaisiye kumeneko," anatero Namwino akuyang'ana kutsogolo. "Kulikonse mungafune kupita ndizikutengani ine. Sindikufuna tsiku lina ndili pantchito ndidzaone akulowa nanu pa machira, inu ndi amayi."

A Tsekani anakalipa madzulo onse. Ananena za ana a masiku ano, ananena za alamu osadziwa ntchito, anatseka geti mwamphamvu mpaka loko wina n'kugwa. Koma mkwiyo utatha panatsala mantha, ndipo anali mantha enieni. Bambo awo omwalira anamaliza moyo osazindikira ana awo, akufunsa njira ya kunyumba ali m'nyumba momwemo, ndipo nawonso zinayamba ndi tinthu ting'onoting'ono timene aliyense ankationa kupatula mwini wake. Galimoto ikayenda ndi mlamu, n'kuyenda ndi mwana, n'kumazimira munthu mmodzi yekha, ndiye kuti chowonongeka sichili pansi pa boneti.

Sanauze munthu. Masana akazi awo akapita kwa anzawo, ankakhala pakhonde n'kumaponda njerwa ndi phazi lakumanzere, kulowetsa, kutulutsa, akuliyang'anitsitsa ngati liwanamiza. Kenako anadzipangira mayeso a mutu. Ankagwira makiyi mmodzimmodzi n'kumatchula chimene aliyense amatsekula. Uyu wa penti, uyu wa misomali, uyu wa njinga imene inabedwa, uyu wa sutikesi ya paukwati. Zinkayenda bwino mpaka anafika pa kakiyi kena kachikasu, ka mano awiri. Anakatembenuza uku ndi uku, koma mutu unangoti zii ngati Dona. Anayenda nako nyumba yonse kukayesa pa loko aliyense, ndipo sikanalowe paliponse. Tsiku limenelo anadya pang'ono, n'kunena kuti m'mimba simuli bwino.

Loweruka m'mawa anamupukuta Dona nthawi yaitali kuposa masiku onse, mpaka m'kati mwa mawilo. Atatha anakhala pa sitepe, n'kuchotseratu kiyi wa galimoto pa mphete. Sanafune kuti adzachite zimenezo pamaso pa mwana.

"Ndikupita nawo," anatero akazi awo atanyamula kale chikwama. "Mkazi mnzanga sangasamuke ine osamuperekeza."

Analowa. Kwa nthawi yoyamba iwo akuyendetsa, kiyi analowa pa malo ake yekha, mulu wonse utatsala pa lamba. Mulu uja unakanirira pakati pa ntchafu ndi chitseko, ndipo chitseko chinakana kutsekeka. Anayesa kawiri.

"Tsekani," anatero akazi awo osaseka n'komwe.

"Makiyiwa akutchinga."

"Bweretsani kuno."

Tsiku lina lililonse akanakana. Koma munthu amene akukapereka galimoto yake alibe mphamvu zolimbirana zinthu zina. Anamasula mulu uja pa lamba, n'kuuika pamiyendo pa akazi awo.

Anafika pasukulu. A Tsekani anagwira chiwongolero mwamphamvu kudikira manyazi a masiku onse. Dona anakwera hampu, anatsika, n'kupitirira.

"Mukuona? Wadziwa kuti tikukamusiya, ndiye lero akudzikometsera."

"Akazi timatero," anayankha akazi awo.

Anadutsa pa dzenje la kumsika, osazima. Akazi awo ankangosanthula makiyi pamiyendo ngati akusankha nyemba, poti m'zaka zonsezi anali asanawaonepo pafupi chonchi.

"Ha! Kakiyi aka mukadali nako?"

A Tsekani anasuzumira. Kanali kachikasu kaja.

"Mukukadziwa?"

"Si kaja munakatola pamsewu Namwino ali kumsana? Munati mwini wake adzabwera kudzafunsa."

"Ndiye kamatsekula chiyani?"

"Ndidziwa bwanji ine? Inunso simunadziwepo."

A Tsekani anapuma mpweya wautali. Anafika panjanji. Amayi a zipatso aja ataizindikira galimoto anaimirira kukonzekera kukuwa. Dona anawoloka gwede, gwede, n'kumapita, amayiwo n'kukhalanso pansi mogwiritsidwa mwala.

"Koma mwendo wanga wachita dzanzi," anatero akazi awo akusuntha mulu uja kuuika pa ntchafu ina. "Abambo, chimtolo chonsechi mumachikoloweka pa kabowo kakang'onoko tsiku ndi tsiku? Ine ndikanakhala Dona ndikanazimanso."

A Tsekani anaponda buleki mpaka chikwama chinagwa pansi.

Anakhala duu akuyang'ana kiyi uja ali yekhayekha pa malo ake. Sipanala ankayendetsa ndi kiyi mmodzi. Namwino anayendetsa ndi kiyi mmodzi. Lero iwonso ali ndi kiyi mmodzi. Munthu yekhayo padziko lapansi amene ankayendetsa Dona ndi makiyi a nyumba, a geti, a njinga yobedwa ndi a kampani yakufa anali iwowo.

"Tandipatsani."

Anatembenuza galimoto kubwerera pa hampu ya pasukulu. Anabwezera kiyi pa mphete, analiza, ndipo ulendo uno maso anali pa makiyi, osati pa phazi. Matayala atakwera hampu, mulu uja unalendewera kutsogolo, n'kubwerera mwamphamvu, n'kumukoka kiyi kumubweza m'mbuyo pang'ono chabe. Injini zii. Anachotsa kiyi pa mphete, anabwerera chambuyo, anakweranso. Dona anadutsa. Anabwezera, zii. Anachotsa, anadutsa. Anachita zimenezi mpaka anthu odikira basi anayamba kuwombera m'manja galimoto ikadutsa ndi kubuula ikazima, osadziwa n'komwe kuti masewerawo ndi a chiyani.

Pomaliza anaimika pambali, n'kutsamira chipumi pa chiwongolero. Hutala analira, iwo osadzuka. Mapewa ankagwedezeka. Akazi awo, amene anali asanawaonepo akulira chimwalirire apongozi, anangowagwira pamsana.

"Si ine, amayi," anatero ndi mawu osweka. "Si ine."

"Ndinu ndithu," anatero akazi awo. "Koma si mutu. Dzukani pa hutalapo, anthu ayesa tachita ngozi."

Anadzera kugalaja. Sipanala atamva, anagwada pansi pa chiwongolero, n'kumugwedeza kiyi ndi chala injini ikulira. Inazima m'manja mwake. Anafotokoza kuti switchi ya kiyi inaperepeseka m'kati chifukwa chonyamula katundu zaka zonsezi, moti ikakokedwa pang'ono imadula magetsi, ndipo pampu ndi mainjekitala popanda magetsi ndi zitsulo chabe. Switchi yatsopano ya galimoto ya msinkhu umenewu anati aifunafuna, koma asayembekezere kuti ipezeka chaka chino. Kenako anakhala pa tayala, n'kugwira mutu.

"Ine ndinamwa petulo, alamu. Ndinasuta fodya. Nkhani yake makiyi a penti!"

"Makaniko weniweni akanafunsa."

"Ndifunse chiyani? Munayamba mwandipatsapo mulu wonse?"

"Ndikupatse iwe makiyi a nyumba yanga?"

"Mwamva, achemwali?" anatero Sipanala. "Tengani amuna anu muzipita."

Namwino anawalandira pageti nkhope ili yokonzekera nkhondo, poti ankayembekezera mkangano. Bambo ake sanakangane naye. Anatenga mulu kwa akazi awo, anabwezera kiyi pa mphete, n'kumupatsa mwanayo wonsewo, ndipo Namwino anachita kuulandira ndi manja awiri podabwa.

"Yendetsa. Ukadutse pa ngalande ya pageti lakoli."

Anayendetsa. Pa ngalande, zii. Analiza, anabwerera, anadutsanso, zii.

"Mwendo wakumanzerewo ukugwirabe, mwanawe?" anafunsa a Tsekani mwaulemu kwambiri. "Zimachitika munthu akakula."

Anamuchotsera kiyi pa mphete, ndipo galimoto inadutsa pa ngalande ngati palibe ngalande. Namwino anazimitsa yekha, n'kukhala manja ali pa chiwongolero. Anayamba ndi kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi.

"Ndimaopa, bambo. Ndinkangoona agogo."

"Nanenso ndinkawaona," anatero bambo ake. "Usiku ndi usana."

Namwino anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuwabwezera kiyi wa galimoto. A Tsekani anamulandira, kenako anatambasula dzanja linalo kuti atenge mulu wawo. Koma mulu unali utalowa kale m'chikwama cha akazi awo, ndipo zipi inali itatsekedwa.

"Amayi, makiyi."

"Sankhani," anatero akazi awo. "Mmodziyo kapena onsewa."

"Ndiziwaika m'thumba poyendetsa."

"Inu? Ndimakudziwani. Pofika Lachiwiri mudzakhala mutamubwezera pa mphete, poti kiyi woyenda yekha simungagone naye tulo. Ndiye tidzakazimanso panjanji, ndipo tsiku limenelo sitima idzakhalapo yeniyeni. Mukafuna mulu, Dona atsale kuno. Mukafuna Dona, awa akhala ndi ine."

Namwino sanalowererepo, anangoima pafupi ndi amayi ake. A Tsekani anayang'ana chikwama chija nthawi yaitali. Anayang'ana galimoto yawo ili padzuwa, yopukutidwa mpaka m'mawilo. Anatsegula pakamwa, anatseka.

"Wa chitseko cha kukhitchini ndi wa mutu wozungulira," anatero ndi mawu otsika. "Amafuna muyambe mwakokera chitseko kwa inu musanapotokole. Mukakakamiza athyoka."

"Ndamva."

"Kwerani, tizipita," anatero a Tsekani akutsegula chitseko cha Dona.